Lamulo Lopaka Laimu Pansi pa Nyanja

Kuli dziko lina limene ojambula mapu analiiwala, ndipo eni ake sanadandaule, poti kumeneko munthu wodandaula amati sanaleredwe bwino. Dzina lake ndi Palibevuto. Kum'mawa kuli nyanja yamchere, kumadzulo kuli mapiri, ndipo pakati padutsa msewu umodzi wochokera ku likulu la Mwatero kukathera pa doko la Tidikire.

Mwambo waukulu wa dzikolo ndi laimu. Kulikonse kumene Mfumu Sadandaula ikupita, miyala ya m'mbali mwa msewu imayamba yapakidwa laimu mpaka kuyera mbee. Mitengo imapakidwa kulekeza m'chiuno mwa munthu. Chaka china anapaka chulu, pamodzi ndi mbuzi imene inachedwa kudzuka pachulupo. Laimu akauma, malole amatuta anthu m'midzi, aliyense n'kupatsidwa nsalu ya nkhope ya mfumu, kuti mfumuyo ikafika ipeze khamu.

Mfumu Sadandaula sinali munthu woipa. Inkathokoza woipatsa madzi akumwa, ndipo inkadziwa mayina a ana a alonda ake. Kungoti pa zaka zake makumi asanu ndi awiri inali isanaonepo mwala wosapaka. Inakula ikuuzidwa kuti laimu ndi chikondi cha anthu ake, ndipo panalibe amene anaiuza zina.

Pafupi ndi doko la Tidikire pali malo a m'nyanja otchedwa Pamiyala. Pansi pake pali miyala yamoyo, imene ophunzira amaitcha korali. Ukaiona umangoti ndi miyala yokhala ndi nthambi, koma ndi tizilombo ting'onoting'ono timene timamanga nyumba pamodzi, ndipo m'mipata mwakemo ndi momwe nsomba zimabisala ndi kuswana. Panali patatha zaka zisanu ndi zinayi chiletsere boma kuponya ukonde pamalopo. Asodzi anang'ung'udza chaka choyamba, koma chaka chachitatu anasiya, ataona kuti nsomba zosefukira m'malire a Pamiyala zayamba kudzaza mabwato.

Munthu amene boma linamulemba ntchito yoyang'anira malowo anali Elube Kachingwe, mayi wosalankhulalankhula amene anakaphunzira za nsomba kunja n'kubwerera, zimene zinadabwitsa ambiri. Pansi pa nyanja anakhomapo zikhomo zachitsulo pa malo asanu ndi awiri. Mwezi uliwonse ankamanga chingwe cha mamita makumi asanu pakati pa zikhomo ziwiri, n'kusambira pang'onopang'ono motsata chingwecho, thanki ya mpweya ili kumsana, akulemba ndi pensulo pa sileti nsomba iliyonse yodutsa. Pobwerera ankayerekeza korali ndi kakhadi ka mitundu, kuti aone ngati wafwifwa. Malowo ankangowatchula kuti Chingwe Choyamba, Chachiwiri, mpaka Chingwe Chomaliza.

Woyendetsa boti anali a Jailosi, msodzi wakale wa imvi. Ntchito yawo inali kukhala pamwamba n'kumayang'ana thovu lochokera pansi, kuti adziwe kuti mnzawo akupuma. Elube asanalowe m'madzi ankaweramitsa mutu kupemphera mwachidule, ndipo a Jailosi, ngakhale ankapembedza kwina, ankazimitsa injini mpaka amalize. Akalowa, ankayanika chitenje chake pa chivundikiro cha injini kuti akatuluka achipeze chofunda. Sanakambiranepo zimenezi. Zinkangochitika.

Chaka cha nkhani yathuyi, madzi anatentha. Korali akamva kutentha amataya mtundu wake n'kuyera, ndipo kukapitirira amafa. Elube anaona Chingwe Choyamba chikuyera, kenako Chachiwiri, mpaka zisanu ndi chimodzi. Chingwe Chomaliza chokha ndicho chinatsala chamoyo, chifukwa pamenepo pamatumphuka madzi ozizira ochokera kwakuya. Chiyembekezo chake chonse chinali pamenepo, poti korali wamoyo amabala mbewu zimene zimakamera pa malo amene afa.

Itakwana nthawi yopereka lipoti la pachaka, anakwera basi kupita ku Mwatero, ku Bwalo la Inde.

Ku Palibevuto uthenga sulowa wauwisi m'khutu la mfumu. Umayamba waphikidwa. Wobweretsa uthenga amagwada n'kunong'oneza nduna, ndipo nduna ndiyo imaimirira n'kuuza mfumu. Wophika wa tsikulo anali a Mkokomo, Nduna ya Nsomba ndi Zikondwerero, munthu wa mawu aakulu amene anali asanakwerepo boti.

Elube anagwada, n'kutsegula kope lake.

"Madzi atentha kuposa zaka zonse chiyambire kuyeza," ananong'ona.

"Mwinidziko," anatero a Mkokomo, "nyanja yanu yafunda. Mu ulamuliro wanu nsomba sizikugonanso ndi chisanu."

"Inde," linavomera bwalo lonse.

"Nsomba zachepa. Pa Chingwe Choyamba ndinkapeza mazana atatu. Mwezi uno ndapeza makumi anayi."

"Vuto la kuthithikana latha, Mwinidziko. Nsomba iliyonse pano ili ndi bwalo lakelake."

"Inde."

"Korali wa pa zingwe zisanu ndi chimodzi wayera. Wina akudwala, wina wafa kale."

A Mkokomo anawerama. "Wayera motani, mayi?"

Apa ndi pamene Elube analakwitsa, ndipo Mulungu amukhululukire, poti ankangofuna kuti amveke. Anati, "Wayera ngati laimu, bwana."

Nduna inaweramuka pang'onopang'ono, ngati munthu amene watola chinthu panjira. Inakonza tayi.

"Mwinidziko, chimene makolo athu sanachione chachitika. Nyanja yamva kuti simunaiyenderepo. Popanda woituma, popanda burashi, yapaka yokha miyala yake laimu. Ikukudikirani."

"Inde" wa nthawi imeneyi anatenga kanthawi kuti athe. Nduna ya Misewu inapukuta msozi. Mfumu inakhudzidwa ndithu, ndipo inafunsa mofatsa ngati miyala yonse yatero.

Elube anakoka jekete la a Mkokomo. "Ayi, bwana. Chingwe Chomaliza chili moyo. Pali korali wofiira, wachikasu, wodera. Nsomba zonse zathawira pamenepo. Auzeni kuti pamenepo ndiye posamala."

"Pali kagulu kochepa ka miyala, Mwinidziko, kamene uthenga sunakafikire bwino. Si mwano ayi. N'kutalikira chabe. Unduna wanga ukathandiza."

"Mukaithandize mwaulemu," inatero mfumu.

Tsiku lomwelo lamulo linatuluka, lodindidwa zidindo zitatu. Mfumu idzayendera nyanja pakutha pa mwezi. Miyala yonse ya pa Chingwe Chomaliza ikhale itayera tsikulo lisanafike. Poti burashi sigwira m'madzi, matumba makumi anayi a laimu adzakhuthulidwa kuchokera m'boti Loweruka likubweralo, ndipo mayi Kachingwe, monga wodziwa malo, adzaloza pothira.

Ali panja, Elube anayesa kulankhula. "Olemekezeka, laimu akagwera pamenepo, korali yense afa. Nsomba zibalalika. Sipatsalanso mbewu."

"Mayi," anatero a Mkokomo mokoma mtima, "inu mumadziwa za pansi pa madzi. Za pamtunda tisiyireni. Mwadya kale?"

Anamugulira botolo la chakumwa ndi mabanzi awiri, poti nawonso sanali munthu wouma mtima. Elube anathokoza, mabanziwo n'kupatsa mayi wina wa mwana kumsana amene anakhala naye mpando umodzi m'basi.

Lachiwiri matumba anafika ku Tidikire, n'kuunjikidwa pakati pa msika, pafupi ndi benchi la a Nangozo. Mayi amenewa anali atagulitsa nsomba pamenepo zaka makumi atatu, ndipo galimoto ya chimkuzamawu itamaliza kulengeza lamulo, anthu anayang'ana kwa iwo.

"N'zabwino," anatero a Nangozo akupala mamba. "Nsomba zikhala zoyera kale. Tizingothira mchere."

"Akamaliza nyanja apakenso mitambo," anatero wogulitsa tomato. "Ija ya mvula imaoneka yauve."

"Musawapatse nzeru, inu. Makwerero ake mugula ndinu."

Elube anafika ndi a Jailosi kudzagula ndiwo. A Nangozo anamuyang'ana kumaso, n'kusuntha dengu kuti akhale pabenchi.

"Adokotala a nsomba, nkhope imeneyo ndi ya maliro. Odwala anu ali bwanji?"

"Amene atsala moyo ndi amene akufuna kuwapha Loweruka, a Nangozo."

"Ndiye nsomba zanga zizichokera kuti?"

"Chaka chino muzipezabe. Chaka chamawa sindikudziwa."

A Nangozo anaika mpeni pansi. "Simunawauze?"

"Ndinawauza. Zinaphikidwa."

"Nanga mukakana kuloza malo?"

"Pali chigubu choyandama pamwamba pake," anayankha a Jailosi. "Ngakhale nduna ikhoza kupapeza."

"Ndiye tichotse chigubucho," anatero wa tomato.

Elube anapukusa mutu. "Akapanda kupapeza athira paliponse. Komanso sindifuna kunama. Zaka zisanu ndi zinayi sindinalembepo nambala yabodza."

"N'chifukwa chake simunakwezedwe pa ntchito," anatero a Nangozo. Anayang'ana mulu wa matumba uja. Kenako anafunsa, "Kodi ntchito imeneyi aikhazikitsa liti?"

"Kuikhazikitsa?"

"Inu adokotala, munabadwira kuno kapena m'madzi? M'dziko muno chinayambapo chinthu popanda mfumu kudzachikhazikitsa? Mjigo uwu unakhala miyezi isanu ndi itatu uli ndi loko, ife tikumwa madzi a m'chithaphwi, kudikira kuti mfumu idzapope koyamba. Chimbudzi cha msika uno anadula riboni."

"Sanalowemo koma," anatero wa tomato.

"Anasuzumira. Ndi zomwezo ndikunena. Mfumu ikamakhazikitsa chinthu imayenera kusuzumira. Kupaka nyanja laimu n'chinthu choti dziko lina lililonse silinachitepo. Thumba loyamba angathire munthu wamba?"

A Jailosi anakanda chibwano. "Ndiye kuti mfumu ibwere kudzakhazikitsa ntchito yokonzekera kubwera kwake?"

"Chachilendo n'chiyani pamenepo?"

Elube anazengereza. "Kodi si msampha umenewo, a Nangozo?"

"Msampha uli pati? Kupempha munthu kuti aone ndi maso chimene walamula ndi pakamwa? Mukapemphere, mudzandiuza." Anakulunga nsomba ziwiri m'pepala, n'kuwonjezera yachitatu. "Iyi ndi ya odwala anu."

Elube anapemphera, ndipo m'mawa mwake anakweranso basi. A Mkokomo anamvetsera maso ali kudenga. Atamaliza, anamuuza kuti iwo anali ataganiza kale zimenezo Lolemba, kungoti ankafuna kuona ngati antchito awo ali tcheru.

Ndiye Palibevuto anayamba kukonzekera ulendo wokhazikitsa kukonzekera ulendo. Msewu wonse wochokera ku Mwatero unafunika laimu watsopano, ndipo laimu amene anali pafupi anali wa pamsika uja. Pofika Lachisanu, matumba makumi awiri ndi asanu ndi atatu anali atathera m'miyala ndi m'mitengo. A Jailosi anafunsa ngati khumi ndi awiri otsalawo angavulaze kanthu.

"Atatu okha akwanira," anatero Elube.

Loweruka kunacha bwino, koma kamphepo kakuwomba kuchokera kum'mwera. Malole anatsitsa anthu padoko kusanatenthe, onse atavala nkhope ya mfumu, ena kutsogolo, ena kumbuyo. Kwaya ya unduna inaimba. A Mkokomo analankhula ola lathunthu, n'kulengeza kuti kuyambira tsikulo mafunde onse aziyamba apempha chilolezo asanafike kumtunda pa nthawi ya misonkhano. Boti lalikulu la boma linali litanyamula matumba aja, likudikira chizindikiro.

Koma boti lalikululo silikanatha kudutsa pamwamba pa korali madzi ataphwa. Loti n'kufika pa Chingwe Chomaliza nthawi imeneyo linali la a Jailosi lokha, ndipo linkanyamula anthu anayi. Anakwera mfumu, a Mkokomo atanyamula beseni lasiliva lodzaza laimu woyamba, Elube, ndi mwini boti. A Jailosi anali atayala mkeka watsopano pa thabwa lokhalapo mfumu. Unali mkeka wa kunyumba kwawo, ndipo sanauze munthu.

Atangotuluka padoko, boti linayamba kukwera ndi kutsika. A Mkokomo anayamba kufotokoza mbiri ya unduna wawo, koma mawu anayamba kuchepa. Nkhope inatuwa. Anapatsira Elube beseni lija, n'kugwira m'mphepete mwa boti ndi manja awiri, mutu uli kunja.

"Yang'anani kumtunda, bwana, osati m'madzi," anatero a Jailosi. Anawavula jekete kuti lisaipe, n'kuwapatsa kachidutswa ka jinja kuti atafune. "Zimachitika kwa aliyense. Ine ndinasanza chaka chathunthu."

Atafika pa Chingwe Choyamba, a Jailosi anazimitsa injini. Elube anatenga ndowa imene pansi pake anaikapo galasi, n'kuiviika m'madzi. Kenako anagwada, n'kutembenukira kwa nduna kuti anong'oneze monga mwa mwambo. Nduna inangokweza dzanja limodzi osatembenuka.

Mfumu inayang'ana nduna yake, n'kuyang'ana Elube. "Zikuoneka kuti wophika wadwala," inatero. "Lankhulani nokha, mayi. Ndiyesa kudya chosaphika."

"Suzumirani mu ndowamu, Mwinidziko."

Mfumu inawerama. Pansi panali poyera mbee, nthambi za korali zili ngati mafupa oyalidwa bwino.

"N'zokongola," inatero. "Anagwira ntchito." Inayang'anabe. "Koma eni mudzi ali kuti?"

"Anasamuka, Mwinidziko."

"Sanauzidwe kuti ndikubwera?"

"Nsomba siziuzidwa. Zimakhala pamene pali chakudya ndi pobisala."

Anadutsa Chingwe Chachiwiri, Chachitatu, mpaka Chachisanu ndi Chimodzi. Paliponse mfumu inkasuzumira. Pena inkaona kansomba kamodzi kakudutsa mofulumira ngati munthu wodutsa pamudzi wa eni. Pena kuyera kuja kunali kutayamba kuphimbidwa ndi ndere. Mfumu inasiya kuyamikira. Inangoti, "Kuli zii."

Kenako anafika pa chigubu cha Chingwe Chomaliza. Elube anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, milomo yake ikugwedera pang'ono, ndipo a Jailosi, amene ankadziwa kuti akupemphera, anavula chipewa. Mfumu inasuzumira.

Inakhala chowerama nthawi yaitali. Pansipo panali korali wofiira ngati dothi la katondo, wachikasu, wodera, wina wotambalala ngati lichero. Pamwamba pake nsomba zinali piringupiringu. Zina zamizeremizere, zina zobiriwira za milomo ngati ya chinkhwe zikudya ndere pamiyala, tina tating'ono tambirimbiri tikutembenuka pamodzi ngati tamva mluzu.

"Khamu," inatero mfumu motsitsa mawu. "Zabwera pa malole angati?"

"Zabwera zokha, Mwinidziko."

"Zokha." Mfumu inabwereza mawuwo ngati ikuwalawa. "Anazilonjeza chiyani?"

"Palibe. Ndi kwawo."

"Nsaluzi anazigawira ndani? Iliyonse yavala zake."

"Zinabadwa nazo."

Mfumu inasuntha ndowa pang'ono. "Nanga bwanji sizikundiyang'ana?"

A Jailosi ndiwo anati, "Zili pa ntchito, Mwinidziko."

Mfumu inaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wakumbukira chinthu chakale. "Iyo yobiriwirayo yathamangitsa inzake. Taonani, yabwereranso. Ili ndi mwano ngati Nduna ya Misewu." Inapitiriza kuyang'ana mpaka msana unawawa. Kumtunda ng'oma zinkamveka, ndipo boti lalikulu linaliza hutala kufunsa ngati nthawi yakwana.

A Mkokomo anadzutsa mutu movutikira. "Beseni, Mwinidziko," anatero, n'kubwezanso mutu kunja.

Elube anapereka beseni lija ndi manja awiri, poti linali lamulo. Laimu pang'ono anagwera pa mkeka wa a Jailosi. Mfumu inalandira, n'kuliika pamiyendo.

"Mayi, ndikathira, chichitike n'chiyani? Musaphike."

"Pano pakhala ngati kuja tadutsa."

"Kuja tadutsa sikunapakidwe ndi chikondi?"

"Ayi, Mwinidziko. Ndi matenda. Madzi anatentha."

"Ndiye n'kumanda."

"Kwina n'kumanda, kwina n'kuchipatala. Madzi akazizira, wina akhoza kuchira. Koma mbewu yake ichokera pano. Pano pakafa, palibenso."

Mfumu inayang'ana laimu wa m'beseni. Inatapa pang'ono ndi chala, n'kumufikisa. Kenako inayang'ana kumtunda, kumene miyala yoyera inkaoneka ngati mzere wa mano kuchokera padoko kukwera phiri.

"Miyala ya kumsewu ija," inafunsa, "pansi pa laimu ndi yamtundu wanji?"

"Yosiyanasiyana, Mwinidziko," anatero a Jailosi. "Ya kwathu kuno ndi yofiirira. Ya kumapiri ndi yakuda."

"Zaka makumi asanu ndi awiri," inatero mfumu. Inaika beseni pansi, pakati pa mapazi ake, n'kuvundikira ndi chipewa chake chachifumu kuti mphepo isaulutsire laimu m'madzi. "Tiyeni tibwerere. Nduna yanga yavutika mokwanira. Koma dutsani pang'onopang'ono, ndisuzumirenso."

Atafika padoko, mfumu inalankhula mawu ochepa kuposa masiku onse. Inati laimu asathiridwe m'nyanja, lero kapena tsiku lina lililonse. Inati matumba otsalawo apite ku chipatala cha Tidikire, chimene makoma ake anali asanapakidwe chimangire, poti chili kuseri kwa msewu. Inatinso uthenga wa ku Pamiyala uzibwera mwezi uliwonse, ndipo uzibwera wauwisi.

Mapazi a a Mkokomo atangoponda mchenga, mawu awo anabwerera. Anatenga chimkuzamawu n'kufotokozera khamu kuti Mwinidziko, mwa nzeru zake zakuya kuposa nyanja, watulukira kuti miyala yamitundumitundu ndiyo imakoka anthu popanda malole, monga momwe unduna unkaganizira kuyambira kale. Sabata yotsatira, miyala ya m'mbali mwa msewu wa ku Mwatero inapakidwa penti wofiira, wachikasu ndi wobiriwira. Akuluakulu a unduna anakhala pamthunzi tsiku lonse kudikira khamu. Kunabwera mbuzi ziwiri.

"Apirire," anatero a Nangozo atamva. "Korali amatenga zaka. Mwina akaponyeko ndere."

"Koma inu a Nangozo, nzeru ija munaitenga kuti?" anafunsa wa tomato.

"Pa mjigo. Miyezi isanu ndi itatu ya madzi a m'chithaphwi imaphunzitsa munthu malamulo a dziko."

Lolemba Elube anabweretsera a Nangozo mpeni watsopano wopalira mamba, n'kuusiya pabenchi eni ake atatembenuka. Kenako anapita kunyanja. A Jailosi anazimitsa injini, iye anapemphera, n'kulowa. Chitenje chinayanikidwa pamalo pake.

Pakutha pa mwezi anakaonekera ku Bwalo la Inde. Anagwada pakati pa bwalo, kope lili m'manja, popanda nduna pambali pake. Mawu ake anali aang'ono, moti okhala kumbuyo anachita kutchera khutu.

"Madzi azizira pang'ono, Mwinidziko. Pa Chingwe Chachinayi korali wina wayamba kubwerera mtundu. Pa Choyamba ndi Chachiwiri palibe chasintha. Pa Chingwe Chomaliza ndapeza nsomba mazana awiri ndi khumi ndi ziwiri. Mwezi watha zinali mazana awiri ndi khumi ndi zinayi."

"Ziwirizo zapita kuti?" inafunsa mfumu.

"Sindikudziwa, Mwinidziko."

Mawu amenewo anali asanamvekepo m'bwalomo chilimangire. Nduna zinayang'anana. Zina zinali zitatsegula kale pakamwa kuti zivomere, koma sizinadziwe ngati zimenezi n'zovomera. A Mkokomo anayamba kudzuka, mfumu n'kuwakwezera dzanja, iwo n'kukhalanso.

"Ija yobiriwira yamwano ilipo?"

"Ilipo. Ikuthamangitsabe anzake."

Mfumu inagwedeza mutu, ngati munthu amene wamva za m'bale wake wa kutali. Kenako inaitana mlonda wa pakhomo pomutchula dzina.

"Apatseni mpando mayiwa," inatero. "Mawondo awo ali ndi ntchito m'madzi mawa."